MBUSA DAVID CLEMENT SCOTT, 1853–1907

Mlendo wofika pa Mishoni ya Blantyre amayamba waima kaye nayang'ana tchalitchi cha St Michael and All Angels, nsanja zake ziwiri ndi njerwa zake za maonekedwe osiyanasiyana. Akafunsa kuti adachimanga ndani, amauzidwa dzina la Mbusa David Clement Scott, ndipo kawirikawiri nkhani imathera pomwepo. Koma nyumba ya njerwayo sindiyo ntchito yaikulu imene a Scott adagwira ku Blantyre kuyambira 1881 mpaka 1898. Ntchito yawo yaikulu, imenenso idawadanitsa ndi anzawo mpaka kuwachotsa m'dzikomo, idali yofuna kuti Mpingo wa m'Afrika ukhale ndi abusa akeake, ndi kuti abusawo apatsidwe mphamvu zenizeni zoweruza ndi kutsogolera amishonale akali pomwepo. Mbiri yawo ndi yoyenera kukumbukiridwa m'Sinodi iliyonse imene idalandirapo thandizo lochokera kunja, popeza funso limene iwo adalimbana nalo silidathe: kodi wothandiza mpingo wosauka angauthandize bwanji kuti usasanduke kapolo wa thandizolo?

Kubadwa ndi kuitanidwa

A Scott adabadwira mumzinda wa Edinburgh, ku Scotland, pa 23 Epulo 1853. Adaphunzira pa Yunivesite ya Edinburgh, kumene adatchuka chifukwa cha nzeru zawo zakuya pa maphunziro a filosofi ndi a zaumulungu. Munthu wamaphunziro otere akadatha kuitanidwa ndi mpingo wolemera wa m'tauni kwawo komweko, nakhala mwamtendere mpaka kukalamba. Koma m'chaka cha 1881, atangodzozedwa ubusa ndi kukwatira Isabella Bowie, amene anzawo ankawatchula kuti Bella, adavomera pempho la Mpingo wa Church of Scotland loti akatsogolere Mishoni ya Blantyre. Apo n'kuti ali ndi zaka 28 zokha.

Padalibe munthu wosirira udindo umenewu, pakuti dzina la Blantyre lidali litanunkha ku Scotland konse. Mishoniyi idakhazikitsidwa pa 23 Okotobala 1876 m'dziko la Mfumu Kapeni, pamalo amene Henry Henderson adasankha mothandizidwa ndi Tom Bokwito. Masiku amenewo kudalibe boma la atsamunda; malonda a akapolo adali m'chimake, ndipo anthu othawa goli ankadza kudzabisala pamishoni. Azungu oyambawo, amene ambiri a iwo adali amisiri a ntchito zamanja, adayamba kudziyesa mafumu ndi oweruza a anthu amenewa. M'chaka cha 1879 munthu wina adamwalira atakwapulidwa mopitirira muyeso, ndipo wina adawomberedwa ndi mfuti pomuganizira kuti adapha mkazi. Mlendo wina wa ku Australia, Andrew Chirnside, adalemba kabuku koulula zonsezi mu 1880. Mpingo udatuma Dr. James Rankin ndi Alexander Pringle kudzafufuza, ndipo mapeto ake Mbusa Duff Macdonald, amene ankatsogolera mishoni, adaitanidwa kubwerera kwawo, pamene John Buchanan ndi George Fenwick adachotsedwa ntchito. Chotero a Scott adalowa m'munda umene chikoti chidali chitafesamo mantha.

Njira ya mlandu

Asananyamuke ku Edinburgh adalangizidwa kuti mishoni isadzaweruzenso milandu ya dziko. Langizoli lidali labwino, koma silidanene chochita mbuzi ikabedwa usiku, kapena mwini kapolo akafika ndi mfuti kudzalonjerera munthu wake. Yankho a Scott adalipeza pakati pa eni dziko. Adaona kuti Amang'anja ndi Ayao adali nayo kale njira yothetsera mikangano, ndiyo mlandu wokambidwa pabwalo, pamene wodandaula ndi woyankha amalankhula mpaka mau awathere, akulu namvetsera mosafulumira, ndipo cholinga cha chigamulo chimakhala chakuti anthu okangana adyerenso mbale imodzi. Iwo adaphunzira mwambo umenewu bwinobwino, nayamba kukhala pabwalo pamodzi ndi mafumu monga mnansi wodzakamba mlandu, wokonzeka kulipa ngati mishoni ndiyo yalakwa.

Phindu la ubwenzi umenewu lidaoneka mu 1884. Chaka chimenecho Fenwick uja, amene tsopano ankachita malonda akeake, adapha Chipatula, mfumu ya Amagololo kuchigwa cha Shire, iyenso naphedwa. Njira ya pamtsinje idatsekeka ndipo nkhondo idali pafupi, koma kudziwana kwa a Scott ndi Mfumu Kasisi kudathandiza kuti nkhaniyo ithe ndi kukambirana. Chaka chomwecho adayenda ulendo wautali pamodzi ndi mayi Scott kukaonana ndi Chikuse, mfumu ya Angoni a Maseko. Patapita nthawi pang'ono Angoniwo adatsika kudzathira nkhondo m'mapiri a Shire. Anthu ambirimbiri adathawira pamishoni, ndipo ankhondowo sadaikhudze.

Apa ndi pamene padagona maziko a zonse zimene a Scott adachita pambuyo pake. Adatsimikiza mumtima mwawo kuti anthu odziwa kuweruza mlandu wa m'mudzi mwanzeru chotere sangalephere kuweruza nkhani za mumpingo, Mzimu wa Mulungu akawaunikira.

Chinenero ndi nyumba ya Mulungu

M'chaka cha 1892 adasindikiza ku Edinburgh buku lalikulu lotanthauzira mau a Chimang'anja, lotchedwa A Cyclopaedic Dictionary of the Mang'anja Language. Bukuli silingondandalika mau ayi. Wofufuza liu limodzi amapezapo miyambi, miyambo ya ukwati ndi ya maliro, kamangidwe ka nyumba, kasulidwe ka chitsulo ndi kakambidwe ka milandu, zonse monga momwe a Scott adazimvera pakamwa pa eni ake. Pa nthawi imene Azungu ambiri ankati zinenero za m'Afrika n'zosauka, zosatha kunyamula maganizo akuya, iwo adaonetsa poyera kuti Chimang'anja chili ndi malamulo ake okongola, ndi kuti Uthenga Wabwino ungalalikidwe m'menemo popanda kupunguka. Adamasuliranso mabuku a Uthenga Wabwino m'chinenerochi, ntchito imene idatsogolera Buku Lopatulika, limene mishoni zingapo zidagwirizana kumasulira kuyambira mu 1900 ndipo lidatuluka lathunthu mu 1922. Mbusa Alexander Hetherwick, amene adafika mu 1883 natsegula Domasi mu 1884, adakonzanso dikishonale ya a Scott n'kuisindikiza mu 1929.

Tchalitchi cha St Michael chidayamba kumangidwa mu 1888 ndipo chidapatulidwa pa 10 Meyi 1891. A Scott sadaphunzirepo za kamangidwe ka nyumba, ndipo anthu amene adagwira nawo ntchito adali asanamangepo nyumba yotere chibadwire. Padalibe pulani yathunthu yojambulidwa papepala. Chigawo chilichonse ankayamba achiyesa poyala njerwa popanda matope, chikaoneka kuti chaima bwino n'kuchimanga. Njerwa zonse zidaumbidwa ndi kuotchedwa pomwepo, m'zikombole zamatabwa za mitundu yoposa 80. Anthu ena ku Scotland adadandaula kuti nyumba yotere idali yapamwamba kwambiri kwa Akhristu ochepa ndi osauka. Koma kwa a Scott nyumbayo idali ulaliki pa yokha. Manja amene amalonda ankati ntchito yake ndi kusenza mitolo basi ndiwo adakweza zipilala ndi denga lozungulira lija, ndipo m'nyumbamo Mzungu ndi Mwafrika adayenera kufika pa gome limodzi la Mgonero wa Ambuye. Azungu a m'minda ya khofi atachuluka, ena adafuna kuti akhale ndi mpingo wawowawo. A Scott adakanitsitsa kwamtuwagalu.

Madikoni asanu ndi awiri

Funso la abusa ndilo lidali pamtima pawo koposa zonse. Mishoni za masiku amenewo zinkayenda motere: ndalama zinkachokera kutsidya kwa nyanja, ndipo amene wabwera ndi ndalama ndiye ankagamula zonse. Mwafrika ankaloledwa kuphunzitsa sukulu ya m'mudzi, kumasulira ulaliki wa Mzungu ndi kuimba belu. Koma za ubusa ankauzidwa kuti adikire mibadwo ingapo.

A Scott adaona kuti njira imeneyi idali ndi zilema ziwiri. Choyamba, Komiti ya Mishoni ya ku Edinburgh inkasowa ndalama chaka ndi chaka, ndipo nthawi zambiri inkalamula kuti ntchito yatsopano isatsegulidwe. Mpingo wodalira amishonale okha sukadatha kufika kutali. Ndalama zotumizira ndi kusungira Mzungu mmodzi zikadatha kusunga alaliki ambiri a m'dziko momwemo, odziwa chinenero ndi njira za kumidzi, ndiponso osagwa msanga ndi malungo. Chachiwiri, ndipo ichi ndicho chidali chachikulu kwa iwo, adakhulupirira kuti Mpingo wa Khristu ndi umodzi pa dziko lonse lapansi, ndi kuti mtundu uliwonse uli ndi mphatso yake imene uyenera kubwera nayo m'thupi limenelo, kotero kuti thupilo limakhala lopereŵera Afrika akapanda kulankhulamo ndi liu lake. Mpingo wa m'Afrika sudayenera kukhala chithunzi chabe cha mpingo wa ku Scotland. Maganizo amenewa sadali achilendo m'Malembo, pakuti pa Machitidwe 14 Paulo ndi Barnaba akuoneka akuika akulu m'mipingo imene idali isanathe ndi zaka zomwe, nausiya m'manja mwa Ambuye. Mmishonale ndi mlendo, ndipo akale adati mlendo ndi mame. Ntchito ya mame ndi kunyowetsa mmera. Dzuwa likakwera mame amakamuka, mmera n'kutsala.

Kuyambira pachiyambi a Scott adadalira amuna monga Joseph Bismarck, Rondau Kaferanjila ndi Donald Malota pa ntchito yolalikira ndi kuphunzitsa m'midzi. Koma pofika chaka cha 1894 adachita chinthu chimene chidadzidzimutsa ambiri: adapatula anyamata asanu ndi awiri kukhala madikoni. Mwa iwo mudali Harry Kambwiri Matecheta, Mungo Murray Chisuse, John Gray Kufa, John Macrae Chipuliko ndi Thomas Mpeni. Udikoni umenewu sudali wongosonkhetsa zopereka ndi kusamala za patchalitchi, monga umadziwikira m'mipingo ya Chipresbiteriyani. A Scott adaukonza kuti ukhale khwerero loyamba la ubusa. M'mawa uliwonse madikoniwo ankasonkhana nawo kuphunzira Malembo ndi chiphunzitso cha Mpingo. Kenaka aliyense ankapita ku ntchito yake, wina kuchipatala, wina kunyumba yosindikizira mabuku, wina kusukulu. Tsiku la Sabata ankalalikira m'midzi yozungulira. Motero maphunziro awo a ubusa sadawachotse pakati pa anthu, ndiponso aliyense adali ndi ntchito ya manja ake yoti adzadzithandize nayo.

Choposa apa, a Scott adaika m'manja mwawo milandu ya mumpingo. Mkhristu akagwa m'tchimo, kapena banja likasokonekera, madikoni ndiwo ankakhala pansi kumva nkhaniyo monga pabwalo la kumudzi, ndipo a Scott ankalemekeza chigamulo chawo. Ankadziwa kuti nthawi zina anyamatawo adzalakwitsa. Koma adaona kuti munthu saphunzira kusenza mtolo pongoyang'ana mnzake akusenza, ndi kuti mtsogoleri amene sadaloledwe kulakwitsa mphunzitsi wake ali pafupi adzalakwitsa koposa mphunzitsiyo atachoka. Adadziwanso kuti pali zinthu za m'mudzi zimene mlendo sangazimvetse ngakhale atadziwa chinenero chotani: ndani ali nkhoswe yeniyeni ya banja, mau ati ndi chipongwe, kulapa kuti n'koona ndipo kuti n'kwa pakamwa chabe.

Amuna amenewa sadawasunge pakhonde pawo ayi. A Matecheta, Myao wa ku Nguludi, adatumizidwa mu 1893 ku Nthumbi, pakati pa Angoni a ku Ntcheu, anthu amene zaka zochepa m'mbuyomo ankathira nkhondo kwawo kwa a Matechetawo. Ndipo adatumikira dera limenelo zaka zambiri za moyo wawo. A Kufa, amene adaphunzira ntchito ya chipatala nakhoza bwino kwambiri, adatumidwa kukayamba ntchito pakati pa Alomwe m'dziko la Mozambique. A Chisuse adakaphunzira zosindikiza ku Edinburgh, nadzayang'anira nyumba yosindikizira mabuku ya mishoni kwa zaka zambiri. Ndiwonso mmodzi wa Amalawi oyamba kujambula zithunzi ndi kamera. Ntchito zimene m'mishoni zina zinkayembekeza Mzungu, ku Blantyre zinkagwiridwa ndi ana a dziko.

Mkangano ndi boma

Mu 1889, Apwitikizi atafuna kulanda mapiri a Shire, a Scott ndi anzawo adadandaulira Akhristu a ku Scotland, ndipo abusa ndi akulu a mpingo oposa 10,000 adasaina kalata yopempha Lord Salisbury, nduna yaikulu ya Britain, kuti asalole zimenezo. Dzikolo lidalowa m'chitetezo cha Britain mu 1891. Pa chifukwa ichi a Scott ali ndi gawo lawo pa kubwera kwa utsamunda, ndipo mbiri siyenera kubisa zimenezi. Iwo ankayembekeza boma loteteza anthu ku ukapolo ndi lolemekeza mafumu. Chimene chidabwera ndi Harry Johnston chidali china. Boma lake linkalandira mapaundi 10,000 pachaka kuchokera ku kampani ya Cecil Rhodes, lidaika msonkho wa masheleni 6, lidavomereza Azungu kutenga malo aakulu, ndipo linkatentha midzi ya mafumu okana kugonja. M'nyuzi ya mishoni yotchedwa Life and Work, imene idayamba kutuluka mu 1888, a Scott adadzudzula zimenezi mwezi ndi mwezi, nakana kolimba kuti dzikolo liperekedwe m'manja mwa kampani ya Rhodes monga zidachitikira kumwera kwa Zambezi. Pambuyo pake msonkho udatsitsidwa kufika masheleni 3 pa nyumba, koma a Scott adatsala ndi adani ambiri m'boma ndi pakati pa eni minda.

Maliro ndi milandu

Zaka zomwezo imfa idalowa m'banja mwawo. Kumayambiriro kwa 1891 matenda otseka kummero otchedwa diphtheria adapha mwana wa a Henderson, mai a mwanayo a Harriet, amene adali mbale wawo wa mayi Scott, ndiponso mlongo wawo Dr. John Bowie, amene adatenga matendawo poyamwa ndi pakamwa pawo kachubu ka pakhosi pa mwanayo pofuna kumupulumutsa. A Henderson eni ake adamwalira ku Quelimane milungu ingapo pambuyo pake. Mu 1895 Dr. William Affleck Scott, mng'ono wawo wa a Scott, amene adali dokotala ndiponso mbusa, adamwalira ndi malungo, ndipo posakhalitsa mayi Scott nawonso adatsikira kuli chete.

Ali m'chisoni chotere, milandu idawagwera kuchokera kwa abale a mumpingo. R. S. Hynde, amene adali mphunzitsi wa mishoni asanayambe ulimi ndi nyuzipepala yake, pamodzi ndi Dr. Rankin amene adadzafufuza za 1880 uja, ndiwo adatsogolera owaneneza. Adati a Scott akuononga ndalama. Akuyendetsa mishoni mwa okha osafunsa anzawo. Akulowetsa miyambo yachilendo m'chipembedzo, monga kuveka oimba mikanjo yoyera. Ndiponso akukweza Aafrika msanga, mpaka kuwapatsa mphamvu zimene amishonale ena achizungu adalibe. Zina mwa izi zidali ndi choonadi chake. A Scott sadali munthu wosamala mabuku a ndalama, ankayamba ntchito yatsopano chilolezo chisanafike, ndipo sankapirira anthu ochedwa kumvetsa maganizo awo. Koma muzu wa mkangano wonse udali madikoni aja. Kwa mmisiri kapena mphunzitsi wochokera ku Scotland, kudali kowawa kuona mnyamata amene dzana ankamuphunzitsa kulemba atakhala pabwalo la mpingo, iye ali kunja.

Mu 1897 Mpingo udakhazikitsa bungwe lofufuza nkhanizi ku Edinburgh. Bungwelo silidawapeze a Scott ndi mlandu waukulu, komabe zotsatira zake zidagwetsa chimene iwo ankamanga. Mphamvu zoyendetsera ntchito, ndalama ndi malo zidakhazikika m'bungwe la amishonale lotchedwa Mission Council, m'mene mudalibe Mwafrika ndi mmodzi yemwe. Mu 1898 a Scott, thupi litafooka ndi mtima utasweka, adachoka ku Blantyre osadzabwereranso. A Hetherwick ndiwo adalowa m'malo mwawo.

Ku Kikuyu

Mu 1901 Mpingo udawatuma ku Kikuyu, m'dziko la Kenya, kukatsogolera mishoni imene udali utangoilandira kumene. Kumeneko adayesa njira ina yothetsera vuto lakale la ndalama: adatenga malo okwana maekala pafupifupi 3,000 kuti mishoni izidzidalira ndi ulimi. Ulimi wa mbatata ya kachewere udalephera nusiya ngongole, ndipo malowo adali a mabanja a Akikuyu, amene sadaiwale kutayika kwake. Munthu yemwe adadzudzula kulanda malo ku Blantyre adagwa m'cholakwa chofanana nacho ku Kenya. Mkazi wawo wachiwiri, Edith Ruffell, adamwalira komweko mu 1902. Zaka zidapita popanda wobatizidwa ndi mmodzi yemwe. Mu Okotobala 1907, ali gone pa bedi la imfa, adabatiza Philip Karanja, mnyamata amene ankawasamala pa matenda awo, ndipo iyeyu ndiye adakhala woyamba kubatizidwa pa mishoni ya Kikuyu. Posakhalitsa a Scott adamwalira ali ndi zaka 54, naikidwa komweko. Mpingo wa Presbyterian Church of East Africa umawawerengera pakati pa makolo ake.

Mbeu yomera mochedwa

Ku Blantyre madikoni aja adadikira. Mabwalo a akulu a mpingo ndi Presbitere adakhazikitsidwa m'zaka zoyambirira za m'ma 1900, ndipo ena a iwo adakhala akulu a mpingo. Koma padapita zaka 13 chichokere a Scott kuti Mwafrika woyamba adzozedwe ubusa. Mu Malichi 1911 a Harry Kambwiri Matecheta ndi a Stephen Kundecha adasanjikidwa manja. Apo n'kuti a Matecheta atatumikira zaka 17 chiwapatulire udikoni. Ngakhale kudali kuchedwa chotero, Blantyre ndiyo idatsogola pakati pa mishoni zinzake: Livingstonia idadzoza a Yesaya Zerenji Mwasi, a Hezekiah Tweya ndi a Jonathan Chirwa mu 1914, Nkhoma idadzoza a Andreya Namkumba ndi a Namon Katengeza mu 1925, ndipo ku Madzimoyo, m'dziko la Zambia, a Justo Mwale adadzozedwa mu 1929.

Si onse amene adafika pa ubusa. A John Gray Kufa, amene adadzakhala mkulu wa mpingo ndi mwini munda wawo, adagwirizana ndi Mbusa John Chilembwe pa kuukira boma kwa mu 1915, ndipo boma lidawapha. Pa kafukufuku amene adatsatira nkhondoyo, a Matecheta, a Kundecha, a Chisuse ndi a Bismarck adaima pamaso pa akuluakulu a boma nafotokoza mosaopa madandaulo a anthu: thangata, msonkho, ndi chipongwe chimene Mwafrika wophunzira ankachitiridwa tsiku ndi tsiku. Adalankhula ngati anthu amene adazolowera kufunsidwa maganizo awo, pakuti umo ndi momwe adaleredwera pa Blantyre.

Mpingo wa CCAP udapangidwa mu 1924 pamene Presbitere za Blantyre ndi Livingstonia zidalumikizana, ndipo Nkhoma idalowamo mu 1926. Komabe ndalama, sukulu, zipatala ndi malo zidakhalabe m'manja mwa Mission Council mpaka mu 1959, pamene zidaperekedwa ku Sinodi ya Blantyre. Mu 1962 Mbusa Jonathan Sangaya adakhala Mmalawi woyamba pa udindo wa Mlembi Wamkulu wa Sinodiyo. A Matecheta, amene mu 1951 adasindikiza m'Chinyanja mbiri ya chiyambi cha Mishoni ya Blantyre, adamwalira m'chaka chomwecho cha 1962 ali nkhalamba. Mulungu adawasunga ndi moyo mpaka adaona mishoni ikupereka mphamvu ku Mpingo, patapita zaka 65 chiwapatulire udikoni.

Chimene moyo wawo ukuphunzitsa

Mipingo ya kumwera ndi pakati pa Afrika ikulandirabe thandizo kuchokera kwa abale a kunja: ndalama zophunzitsira abusa, mankhwala a m'zipatala, malata ofolera matchalitchi, ndi antchito odzipereka. Thandizo lotere ndi loyenera kuliyamika, pakuti umphawi wa mipingo yambiri ya kumidzi si nkhambakamwa; mbusa woyendera nthambi zotalikirana pa njinga, malipiro ake atachedwa miyezi, amaudziwa bwino. A Scott nawonso sadanyoze ndalama za Akhristu a ku Scotland, ndipo ankazipempha mosachita manyazi. Chimene adakana ndi chakuti wopereka ndalama akhale mwini Mpingo. Kwa iwo muyeso wa thandizo udali umodzi: kodi likusiya anthu amene angathe kugamula, kulalikira ndi kulanga mwa okha wothandizayo atachoka? Anzawo amene adaopa kuti Aafrika alakwitsa sadali anthu oipa onse. Ambiri adagwira ntchito mokhulupirika, ena nasiya mafupa awo m'nthaka ya Afrika. Koma mantha awo adachedwetsa Mpingo kwa zaka makumi asanu ndi limodzi, ndipo amuna aluso adakalamba akudikira pakhomo.

Muyeso womwewo ukugwiranso Sinodi zimene tsopano zili ndi mphamvu m'manja mwawo. Mbusa wamkulu amene sakhulupirira mbusa wachinyamata, kapena likulu limene limagwira ndalama zonse osalola mpingo wa kumudzi kugamula kanthu, likubwereza cholakwa cha Mission Council, ngakhale khungu la olamulira lidasintha. Ndipo nkhani ya ku Kikuyu ikuchenjeza kuti ngakhale kufunitsitsa kudzidalira kungathe kusocheretsa mtumiki wabwino, akayamba kuwerengera maekala naiwala eni nthaka.

Tchalitchi cha St Michael chikali chiimire pamalo pake, ndipo alendo adzapitiriza kufunsa dzina la amene adachimanga. Koma chikumbutso chenicheni cha Mbusa David Clement Scott chimaoneka tsiku la Mgonero, pamene mbusa wobadwira m'dziko lomwelo aima pa gome lija nanyema mkate, akulu a mpingo a mtundu wake atamuzungulira, popanda mlendo womuyang'anira kumbuyo. Chimenechi ndicho adachilakalaka, adachivutikira, ndipo adamwalira asanachione. Mulungu alemekezeke chifukwa cha mtumiki wake ameneyu.